A Twaibu, Wopala Zilonda wa ku Lifuwu

Kalata yonena za imfa ya a Twaibu idandipeza nditaima pambali pa bedi la mayi wina wa chilonda cha pamwendo, ophunzira anga asanu ndi mmodzi atandizungulira. Adalemba ndi mwana wawo wamkazi, Asiyatu, mizere inayi ya pensulo. Adati bambo ake adadwala chifuwa masabata awiri, adatisiya Lachiwiri m'mawa, ndipo dzuwa lisanapendeke adali atawaika kale, monga achitira Asilamu. Pomwe ndinkawerenga n'kuti manda atauma. Ndidaipinda kalatayo n'kuilowetsa m'thumba, kenaka ndidafunsa wophunzira yemwe adali pafupi nane kuti chilonda tinkachionacho chidali cha mtundu wanji. Iye adayamba kulakatula mayina a m'buku, maso ali kudenga.

"Gwada!" ndidamukuwira. "Mwendo uli pansi, iwe ukufunanji kudengako?"

Odwala onse m'chipindamo adatembenuka, poti ine si munthu wokuwa. Mawuwo sadali anga, adali a malemuwo. Tsiku limenelo ndidazindikira kuti ndakhala zaka zingapo ndikugawira ophunzira nzeru za mwini osamutchula dzina, n'chifukwa chake ndakhala pansi kuti ndilembe.

Sindikulemba za munthu wofatsa. Amayi a ku Lifuwu ankaopsezera ana awo dzina la bambo amenewa. Sankati a Twaibu, ankati a Supuni, chifukwa chida chawo chachikulu chidali supuni ya tiyi yomwe adainola pamwala mpaka m'mphepete mwake mudathwa ngati lezala.

Adali wamfupi, wa chifuwa chotambalala, wa kofia yoyera ndi epuloni ya khaki yomwe sinkayera ngakhale aichape motani. Amene adawadziwa m'zaka zomaliza amakumbukira khutu lakumanzere long'ambika ndi kupuma kwa phokoso, koma pomwe ine ndinkafika, mu 1948, khutulo lidali lathunthu. Chomwe munthu ankayamba kuona ndi miyendo. Kuyambira kuzala mpaka m'mawondo idali yokulungidwa nsalu, ndipo akamasula kuti asambe, mitsempha inkaoneka itatupa, itapotanapotana ngati mizu ya kachere pamwala. Ankati miyendo imeneyo idawapatsa ndi nkhondo yoyamba ya Ajeremani. Adawagwira ali mnyamata kukasenza katundu wa asilikali, ndipo adayenda miyezi yambirimbiri bokosi la zipolopolo lili pamutu, chikoti chili kumsana. Za nkhondoyo sankakonda kusimba. Kamodzi kokha adandiuza kuti anzawo ambiri sadafe ndi mfuti, adafa ndi tizilonda toyamba ngati kukandidwa ndi minga. Munthu akayamba kununkha ndi kutsalira m'mbuyo, kapitawo ankamulanda katundu n'kumusiya panjira, afisi akumvera patali. Kumeneko ndiko adayambira kumanga zilonda ndi masamba ndi luzi, mpaka dokotala wina wa asilikali adawaona n'kuwatenga.

Kachipatala kathu kadamangidwa njanji itafika kale ku Salima, ndipo a Twaibu adalipo chiyambire. Kadali ka zipinda ziwiri za njerwa, koma ntchito yeniyeni inkachitikira kuseri, pachisakasa cha udzu pomwe padali benchi lalitali. Lolemba ndi Lachinayi m'mawa benchilo linkadzaza: asodzi, amayi olima mpunga m'madambo, onyamula mabelo a thonje, ena ochokera kutali ku Chipoka. Ntchentche zinkafika anthu asanafike.

Ine ndidabwera ndi satifiketi ya wothandizira dokotala, motero pa udindo ndidali mkulu wawo. Iwo adali dresala chabe, womanga mabala. Tsiku loyamba adandipatsa moni waulemu, adandiyang'ana nsapato, n'kunditcha a Buku. Dzinalo lidandikakamira mpaka ndidachoka. Adanditengera kubenchi n'kundiimika pamaso pa anthu atatu.

"A Buku, zilonda zitatu izi n'zapachibale?"

"Zonse n'zilonda, bambo. Titsuke, timange."

"Gwadani."

Ndidagwada, buluku langa latsopano lili m'dothi. Adandigwira kumbuyo kwa khosi ngati mwana wa mbuzi n'kundiyandikizitsa nkhope pachilonda choyamba. Chidali pamsongolo wa wonyamula thonje, chozungulira ngati pakamwa pa kapu, chakuya, chonunkha koopsa. Chimenecho adati n'chilonda cha njala ndi minga: chimadya msanga, chimapweteka, chimafuna supuni, ndipo mwini wake azidya nsomba. Chachiwiri chidali kuphazi kwa nkhalamba ina. Adachibaya ndi kamtengo, nkhalambayo osagwedezeka n'komwe. Chilonda chosamva kuwawa, adatero, usatayirepo nthawi kuchiyang'ana, kafufuze mawanga pamsana, ndi khate limenelo. Chachitatu chidali cha mayi wa ana asanu ndi awiri, pamwamba pang'ono pa kakolo, mbali ya m'kati, chosazama, chonyowa, khungu lozungulira litada bii ndi kuuma ngati chikopa cha ng'oma. Pamenepo sadafulumire kulankhula. Adamugoneka mayiyo chagada n'kukweza mwendo wake m'mwamba, ndipo mitsempha yomwe idali itatupa idaphwa ine ndikuona. Adamanga kansalu pantchafu, adamuimiritsa, n'kumasula kansaluko mwadzidzidzi. Mitsempha idadzaza nthawi yomweyo, kuchokera kumtunda kutsikira pansi.

"Mwaona? Magazi akubwerera m'mbuyo. Tizitseko ta m'mitsemphamo tidafa. Chilonda ichi ndi pomwe madzi osefukira apeza potulukira. Mukachipala ngati choyamba chija, mwamulakwira mayiyu."

Mankhwala a chilonda chotere ankati ndi awiri, nsalu ndi njerwa. Nsalu kumanga molimba kuyambira kuzala mpaka pabondo, m'mawa munthu asanaponde pansi. Njerwa kuziika kumiyendo kwa kama, kapena mtolo wa udzu ngati munthu amagona pamphasa, kuti mapazi akwere kuposa mtima. Koma asanamange ankayamba agwira pamwamba pa phazi kumvera ngati mtsempha ukugunda. Phazi lozizira, losagunda, sankalimanga konse, ankati kumanga lotero n'kulinyonga. Zonsezi ndidadzazipeza m'mabuku pambuyo pake zili ndi mayina a Azungu. Iwo adazipeza pamiyendo yawo.

Sankakhala pampando miyendo ili lende. Akapeza mpata ankagona chagada pachisakasapo, mapazi atatsamiritsa pansanamira, kofia itaphimba maso, ndipo ngakhale kubwere mlendo wolemekezeka ankamulonjera ali chomwecho. Nthawi ya swala, pemphero la Asilamu, ikakwana ankasiya chilichonse kupatula munthu wotuluka magazi. M'mwezi wa Ramazani ukali unkawirikiza, ndipo odwala ankadziwa, ankabwera atasamba kale miyendo ndi mayankho ali okonzeka. Loweruka ankakwera njinga yawo yopanda mabuleki kuzungulira m'midzi, kukaona ngati anthu akumvera. Akapeza munthu wamasula nsalu n'kupakapo ndowe kapena dothi la pachulu, ankavula nsapato yawo ya tayala n'kumukwapula nayo ana ake akuona. Mwamuna wina adalanda mkazi wake nsalu yomangira kuti amangire nayo mtolo wa bango. A Twaibu adamupeza kudimba, adamugwira m'chiuno n'kumuponya m'ngalande, ndipo akati atuluke ankamukankhiramonso ndi phazi. Tsiku lomwelo adakatunga madzi a mayi wina wamasiye, mitsuko itatu, kuti asaime pamwendo wodwala.

Tsiku lopala lidali Lachinayi. Mankhwala ogonetsa tidalibe, ankapezeka kuchipatala chachikulu kokha. Wodwala ankagona pabenchi, abale ake anayi atamupanikiza, chitsononkho chili m'kamwa kuti asadzilume lilime. A Twaibu ankavuula supuni m'madzi owira, ankati Bisimila, ndipo akayamba sankaimanso. Ankakwecha mnofu wowola wonse mpaka pansi patatuluka magazi ofiira. Kukuwa kunkamveka mpaka kudoko la kunyanja. Ndidaonapo msodzi wamphamvu akuthyola mwendo wa benchi ndi chidendene. Wina adalavula chitsononkho n'kuluma mchimwene wake chala mpaka kufupa. Wodwala akalimbana kwambiri, a Twaibu ankamuwomba mbama imodzi yogonthetsa m'khutu, n'kupitiriza munthuyo akadali wozunguzika. Ankati chisoni chochedwetsa dzanja ndicho chimadulitsa miyendo. Zilonda zambiri zinkapoladi. Koma si onse ankabweranso.

M'chaka cha njala, 1949, kudabwera mtsikana wina dzina lake Patuma, wa zaka ngati khumi ndi zinayi, wowonda ngati bango. Atangomukwecha kawiri adapulumuka m'manja mwa amalume ake, adagwa pansi n'kuyamba kukwawa. A Twaibu adamukoka ndi mwendo wabwinowo, akumutukwana. Mayi wa mtsikanayo adalumpha n'kuwakanda kumaso, adamubereka mwana wamkulumkuluyo n'kuthawa naye. Adabwerera patapita miyezi iwiri atamunyamula pamachira, fupa la msongolo likuoneka, mphutsi zikulowa ndi kutuluka. Tidamutumiza kuchipatala chachikulu, komwe adakamudula mwendo pamwamba pa bondo.

Lole yomunyamula itangonyamuka, ndidalimba mtima.

"Bambo, mwendo uja sichilonda chadula. Mwadula ndinu, ndi ukali wanuwu."

Beseni lomwe lidali m'manja mwawo lidandipeza pamphumi, madzi a mafinya n'kunditsikira m'malaya. Chipsera ndikadali nacho. Sabata yathunthu tinkagwira ntchito moyandikana osalankhulana. Sadapepese, kwa ine kapena kwa mtsikanayo. Koma Patuma atabwerako adapeza pakhomo pa mayi ake ndodo ziwiri zoyendera, zosemedwa bwino, zokutidwa chikopa cha mbuzi polowa m'khwapa. Kuyambira pamenepo, wodwala akakhala mwana, ankayamba amupatsa supuni ija kuti aigwire, n'kumuuza kuti akwecha kangati, ndipo sankapyola. Kwa akuluakulu mbama sadasiye.

Ndi Mzungu yemwe adakangana naye. Dokotala wachizungu ankabwera kamodzi pamwezi pagalimoto. Tsiku lina adaona wonyamula katundu wa kunjanji, dzina lake Lemani, wa chilonda chotsala pang'ono kuzungulira mwendo wonse, nalamula kuti akadulidwe. A Twaibu adati phazi likugunda, mwendowo ndi wamoyo. Mzunguyo adati dresala sayankha dokotala. Lole itabwera, Lemani sadapezeke. Adali kunyumba kwa a Twaibu, pakama pawo, mapazi ali m'mwamba. Sabata yachiwiri Lemani adafuna kuthawa kuti asachotsedwe ntchito, ndipo a Twaibu adamumangirira pakamapo ndi chingwe cha ng'ombe, akumumasula pokadzithandiza pokha. Patapita miyezi iwiri Lemani adadutsa kutsogolo kwa galimoto ya dokotala uja akuyenda ndi miyendo yake iwiri. Dokotalayo adawalembera a Twaibu kalata yowadzudzula, koma asanakwere galimoto adapempha kuti amuonetse mamangidwe a nsalu.

A Twaibu adathamangitsaponso ndi mpini wa khasu sing'anga wina yemwe ankatema mphini pamitsempha yotupa, mpaka munthuyo adakabisala m'nkhokwe. Adalimbananso ndi amuna omwe ankakana kuti mwamuna mnzawo aone ntchafu za akazi awo. Nkhaniyi idafika kwa shehe, ndipo itavuta a Twaibu adaphunzitsa akazi awo, Abiti Daudi, kumanga nsalu, kuti amayi otere azipita kunyumba. Abiti Daudi ndiwo okha ankawayankha mopanda mantha. Adali ndi alongo awiri, onse asodzi, wamkulu Amadu, wamng'ono Jafali. Za alamu a a Twaibu amenewa ndiye ndiyenera kusimba, ngakhale ndakhala ndikuzizemba chiyambire kulemba.

Amadu adali chimunthu chachitali, mwini khoka ndi mabwato awiri, wa mitsempha yotupa mwendo wakumanja ndi kachilonda pamwamba pa kakolo. Pambali pa kachilondako padali kachotupa kakuda, konyezimira ngati nthudza yakupsa. A Twaibu adamuchenjeza kambirimbiri kuti khungu pamenepo latsala ngati khoko la anyezi, tsiku lina lidzabooka. Amadu ankangoseka. Ankati munthu woima m'madzi tsiku lonse sangamange nsanza ngati nkhalamba.

Padalinso a Zakaliya, Mkhristu wachikulire wa kumidzi ya kumtunda, yemwe ankabwera kudoko ndi dengu la chimanga kudzasinthitsa ndi usipa. Iwowa a Twaibu adawapoletsapo chilonda chonga chomwecho, motero ankadziyesa odziwa za miyendo. M'mawa wina wa mwezi wa Okutobala, mu 1952, adakangana ndi Amadu pa za kuchepa kwa nsomba, Amadu n'kukankha dengu lawo ndi phazi. Akutola chimanga mumchenga, a Zakaliya adauona mwendowo pafupi, n'kunena anthu akumva: "Mwana wanga, mwendo umenewu ukupha ukapanda kusamala." Ola lisanathe, Amadu akukoka chingwe cha khoka, kachotupa kaja kadaphulika.

Mayi wina adafika kuchipatala chothamanga, akukuwa kuti kudoko munthu akutha magazi ndipo mfiti yagwidwa. Tidasiya odwala pabenchi. Ine wa miyendo yabwino ndidafika poyamba.

Padali magulu awiri. Lina lidazungulira Amadu. Adamuimika chilili, amuna awiri atamugwira m'khwapa, kuti ayang'anizane ndi womulodza, ndipo wina adali atamumanga chingwe cha khoka pansi pa bondo. Chingwe chotero chimatseka njira yobwerera magazi, yobwera osaitseka, choncho magazi ankathamanga kuposa kale, kamtsinje kowonda kolumpha mpaka pamapazi a anthu. Mchenga udali utada malo aakulu ngati mphasa. Milomo ya Amadu idali itayera, mutu ukugwera pachifuwa. Gulu linalo lidali chapoteropo, pafupi ndi mathandala oyanikapo usipa. Pakati pake padali a Zakaliya atagwada, malaya atang'ambika, Jafali ataima patsogolo pawo ndi nkhafi.

"Bweza! Bweza zimene wachitazi!" ankakuwa Jafali.

"Ndangomuchenjeza, ana anga! Kafunseni a Dresala!"

Nkhafi idawapeza pakamwa, mano n'kugwera mumchenga.

Chochita ndinkachidziwa, ndidaphunzitsidwa. Koma ndidangoima.

A Twaibu adafika akupuma ngati mvukuto, nsalu ya mwendo umodzi itamasuka ikukwekwereka.

"Mgonekeni pansi!"

Palibe adamvera. Wina adati akagona ndiye wapita. A Twaibu sadabwereze. Adakankha mmodzi wa ogwirawo, adamenya Amadu chibakera pachifuwa n'kumupinga miyendo. Chimunthu chija chidagwa chagada ngati mtengo. Adatola mpeni wotumbulira nsomba, adadula chingwe chija, adagwada, adaponya mwendo wa Amadu paphewa pawo, n'kukanikiza chala chachikulu pakabowo kotuluka magazi.

Anthu sadaonepo mankhwala pamenepo. Adaona mwini khoka atagwetsedwa, adaonanso mpeni. Jafali adasiya a Zakaliya m'manja mwa anzake n'kubwera chothamanga. Nkhafi yoyamba idatera m'mbali mwa mutu wa a Twaibu, kofia idauluka, khutu lidang'ambika n'kulendewera. Yachiwiri ndi yachitatu zidatera m'nthiti, ndipo kuthyoka kwake ndidakumva ndili pomwe ndidaimapo. Adawerama mpaka mphumi idagunda bondo la Amadu, koma chala sichidasunthe.

"A Buku!" adakuwa, magazi akuyenderera m'khosi. "Pitani kwa Zakaliya! Kamugonereni pamwamba! Inu ndinu a boma, sangakukhudzeni!"

Ndidayenda mapazi atatu. Mwala udadutsa pafupi ndi khutu langa. Ndidaona nkhope za anthu omwe ndinkawapatsa mankhwala a malungo, omwe ndinkadya nawo pamaukwati, zitasanduka zina. Miyendo idakana. Ndidaima pakati pa magulu awiriwo, chikwama cha mankhwala chili m'manja, ndikumva nkhafi ndi miyala zikutera pathupi la munthu ngati akupuntha mpunga.

"Jafali, yang'ana!" adatero a Twaibu, nkhafi ili m'mwamba kachinayi. "Yang'ana mwendo wa mkulu wako, galu iwe! Magazi ali kuti?"

Jafali adayang'ana. Magazi adali atasiya. A Twaibu adachotsa chala, kamtsinje kadayambanso, kofooka tsopano poti mwendo udali m'mwamba. Adakanikiza, kadaleka. Adachotsanso, adakanikizanso.

"Ufiti wake ndi umenewu? Ufiti womvera chala changa? Kaletse anthu ako!"

Nkhafi idagwa mumchenga. Jafali adathamangira kugulu lija akukuwa kuti aleke, koma mawu ake adachedwa kulowa m'makutu. Pomwe anthu ankapatuka, a Zakaliya adali chafufumimba, mkono umodzi utapindikira kumbuyo mosayenera, chimanga chawo chili mbwee pozungulira.

Apo m'pamene miyendo yanga idamasuka. Ndidapinda kansalu n'kukaika pakabowo, ndidamanga kuyambira kuzala, a Twaibu akundiuza polimbitsa, mano atakukuta. Ovulala awiriwo tidawanyamula pazitseko mpaka kuchipatala. Amadu adamwa madzi ndi phala, ndipo pofika masana adali akulankhula. A Zakaliya chigaza chidali chitaphwanyika kuseri kwa khutu, sadatsegulenso maso. A Twaibu adakana kuti ndiwasoke khutu lawo. Adakhala pabenchi, mutu wa mnzawoyo uli pamwendo, akumuchotsa mchenga m'kamwa ndi m'mphuno, pang'onopang'ono, ndi kansalu konyowa. A Zakaliya adamwalira kumzikiti akuitanira swala ya masana.

Apolisi atabwera, doko lonse lidali ndi mawu amodzi: nkhalambayo idagwa pathandala n'kumenyetsa mutu pamwala. Ine ndidalemba mabala onse monga momwe adalili, koma atandifunsa amene adamenya, ndidati fumbi lidachuluka, sindidaone bwino. Pamchenga wonyowa sipakhala fumbi. A Twaibu adaima m'bwalo la milandu nthiti zitamangidwa, natchula mayina asanu, loyamba la Jafali. Onse asanu adapita kundende.

Zotsatira zake adazisenza okha. Abiti Daudi adalongedza n'kubwerera kwa amayi awo, adakhalako chaka ndi miyezi. Kumzikiti, pa mapemphero a Ijumaa a tsiku Lachisanu, pomwe ankaima pankakhala mpata mbali zonse ziwiri. Mbuzi zawo zitatu adazipeza kubusa zitathyoledwa miyendo. Kwa miyezi ingapo benchi lidakhala la anthu akumtunda okhaokha. Mwa anthu a kudoko yemwe ankabwera ndi Amadu yekha. Ankafika Lolemba ndi Lachinayi, ankakhala kumapeto kwa benchi n'kutambasula mwendo, mlamu wake ankagwada n'kumanga, osapatsana moni. Chilondacho chidapola mvula ikutha. Zikomo sindidamumve.

Za tsiku lija a Twaibu adandilankhula kamodzi kokha. Tinkachapa nsalu zomangira, poti zatsopano zinkabwera mwa apo ndi apo. Ndidayamba ndine. Ndidati ndikufuna kupempha kuti andisamutse, chifukwa sindingathenso kuwayang'ana kumaso.

"Musadzinamize, a Buku, mudachita mantha," adatero osasiya kufinya. "Koma wolakwa wamkulu ndine. Chala aliyense ali nacho. Ndikadakupatsani mwendo uja inu, ine n'kupita kwa Zakaliya. Ndidathamangira ntchito yomwe ndimaidziwa." Adayanika nsalu pachingwe, dzanja lina atagwira m'nthiti. "Bwerani nazo zinazo, dzuwa likutha."

Jakisoni wa penisilini atayamba kufika, zilonda za njala zija zidayamba kupola popanda kukwecha kwambiri. Ndinkayesa adzadana naye jakisoniyo, koma adamulandira ngati mvula yoyamba, ndipo supuni inkatha masabata osaigwira. Chomwe chinkawakwiyitsa n'chakuti a mitsempha yotupa nawonso ankafuna jakisoni m'malo mwa nsalu. Amenewo ankawabweza ndi mwano. Ine adandisamutsa mu 1954. Sadandiperekeze kusiteshoni, adangotumiza kathumba ka usipa wouma kudzera mwa Abiti Daudi, omwe n'kuti atabwerera. Adapuma ntchito patapita zaka ziwiri, koma ndinkamva kuti ankabwerabe pachisakasapo popanda wowaitana, kudzamanga odwala awo akale ndi kudzakalipira wolowa m'malo mwawo.

Mwezi watha ndidakwera sitima kupita ku Salima. Ndidakapepesa maliro kwa Abiti Daudi ndi Asiyatu, adandilozera manda, ndipo pobwerera ndidadzera kuchipatala. Wothandizira dokotala watsopano, munthu waulemu ndithu, adasamutsira ntchito ya zilonda m'chipinda cha simenti, momwe mudali bata ndi fungo la sopo. Kuseri ndidapeza mayi wina wachikulire atakhala pansi yekha, mwendo atautambasula, nsalu atamasula kale n'kuipinda bwinobwino. Adati wachokera cha ku Kuti.

"Kodi a Supuni achedwa bwanji lero?" adandifunsa.

Ndidamuuza. Adaingitsa ntchentche ndi tsamba.

"Adandimenyapo, mukudziwa," adatero, osati modandaula. Adadzuka movutikira, adatola nsalu yake n'kuzungulira kupita kukhomo la chipinda cha simenti.

Ndidatsala ndekha. Chisakasa chidapendekera mbali imodzi, chiswe chitadya nsanamira ziwiri. Benchi wina adalinyamula, padangotsala timayenje pomwe padaima miyendo yake. M'phulusa la pamafuwa owiritsira madzi nkhuku idaikiramo mazira anayi. Chakumbuyo, pomwe kwa zaka makumi awiri ankakhuthulirapo madzi a mankhwala otsukira zilonda, dothi lidasanduka lofiirira ndi lolimba. Udzu womwe wamera ponseponse ndi mvula ya chaka chino udafika m'mphepete mwake n'kuima pomwepo.